Phazi la a Sakala Linali Lozizira

Ana anga, mutu uno wa mbiri ya moyo wanga ndauzengereza miyezi itatu. Mitu ina ija, ya ukwati wanga ndi amayi anu ndi ya kumanga nyumba ino, ndinailemba msanga. Wandikakamiza ndi Tamara, mwana wa Dalitso, amene akuphunzira udokotala ku Lusaka. Atabwera patchuthi anandipeza ndasanjika miyendo pampando, nandifunsa kuti, “Agogo, m'mayeso akubwerawa muli za mitsempha yotupa ndi zilonda za m'miyendo. Inu munamanga zilonda zaka zambiri, ndiuzeniko zimene mabuku sanena.” Ndinamuyankha kuti ndinaiwala. Sindinaiwale ayi. Ndilemba pano, ndipo mundikhululukire ngati penapake nditalikitsa.

Chaka choyamba

Ndinafika ku Kafue ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndi maphunziro ochepa a sukulu ya kwathu ku Chadiza. Amalume, amene ankagwira ntchito ya njanji, ndiwo anandipezera malo pakiliniki ina yaing'ono yothandiza antchito a m'mafakitale angapo. Dzina lake sinditchula, ndipo inatsekedwa kalekale. Ntchito yanga inali kukolopa, kutaya zonyansa ndi kuwiritsa zitsulo. Ndinali wamanyazi kwambiri. Munthu akandiitana ndinkavomera ndisanamve chimene akufuna, ndipo polankhula ndi akuluakulu ndinkanjuta pansi monga tinkachitira kumudzi, mpaka anthu ankaseka. Chimene ndinkaopa koposa zonse chinali chakuti wina anene kuti mwana wa a Zulu uja ndi wamwano, amalume achite manyazi.

Woyang'anira kilinikiyo anali Sisita Mweemba, mayi wa Chitonga, wamfupi, wosaseka kawirikawiri. Tsiku lina ndikugwirira beseni munthu wa chilonda chonunkha, anandiyang'ana kwa nthawi nati, “Iwe Zulu, sumva fungo?” Ndinati, “Ndikumva, amayi.” Anati, “Nanga osatseka mphuno bwanji, monga anzako?” Ndinati, “Eni chilonda angachite manyazi.” M'mawa mwake anandipatsa jasi loyera lothothoka mabatani awiri, nandiuza kuti chokolopera ndipatse wina. Umu ndi mmene ndinakhalira dilesa, ndiko kuti womanga zilonda, ntchito imene ndinagwira kufikira tsiku lopuma.

Zilonda zambiri zimene zinkabwera zinali za m'miyendo. Anthu a m'mafakitale ankaimirira pamakina kuyambira huta ya m'mawa, mluzu wa pafakitale uja, kufikira huta yoweruka, pasimenti, atavala majombo otentha. Pakapita zaka, mitsempha ya kuseri kwa bondo ndi m'katumba inkatupa n'kupindikapindika ngati nyongolotsi pansi pa khungu. Sisita anandifotokozera kuti m'mitsempha yobweza magazi kumtima muli tizitseko ting'onoting'ono toletsa magazi kubwerera pansi. Tizitsekoto tikatopa, magazi amadikha kumunsi ngati madzi a m'dambo. Khungu la pakakolo limada, limauma n'kuyamba kuyabwa. Munthu akanda, kapena agunda pachitsulo, ndiye chilonda chatseguka pamwamba pang'ono pa kakolo, mbali ya mkati. Chimakhala chotambalala, chosazama, ndipo chimatuluka madzi osalekeza. Mankhwala ake sanali ovuta: kutsuka ndi madzi amchere, kuphimba ndi kansalu kopyapyala kotchedwa gozi, kumanga bandeji yotanuka molimba kuyambira kuzala mpaka pansi pa bondo, ndi kuuza munthu kuti azikweza mwendo akakhala pansi. Ndinaona zilonda za zaka zitatu zikupola ndi bandeji chabe.

Koma panali lamulo limodzi, ndipo Sisita analinena atandigwira dzanja. “Mvetsetsa, Zulu. Pali zilonda ziwiri zofanana nkhope koma zosiyana mimba. China chimabwera chifukwa magazi akulephera kukwera. China chimabwera chifukwa magazi akulephera kutsika. Choyambacho chimafuna kumangidwa. Chachiwiricho ukachimanga, wapotola khosi la mwendo.” Anaika zala zanga pamwamba pa phazi la wodwala, kenaka kuseri kwa kakolo, kuti ndimve kugunda kwa magazi. Anati phazi likakhala lozizira, khungu lili see lopanda bweya, kugunda kosamveka, bandeji ndiike pansi. Anatinso ndizifunsa funso limodzi: mukakweza mwendo, ululu umachepa kapena umakula? Wa mitsempha yotupa amati umachepa. Winayo amati umakula, ndipo amagona atalendewetsa mwendo kunja kwa bedi.

Zaka za kusowa

Kuyambira chaka changa chachinayi zinthu zinayamba kusowa. Mafakitale ankagwira ntchito masiku ena, masiku ena ayi, ndipo bokosi la mankhwala linkabwera lopepuka mwezi ndi mwezi. Mabandeji tinkachapa, kuwiritsa ndi kuyanika pawaya kuseri kwa kiliniki, mpaka ankatha mphamvu n'kusanduka ngati nsanza. Gozi atatha tinang'amba nsalu zakale za pabedi. Mchere ndinkatapa wa kunyumba, amayi anu osadziwa, kapena ankadziwa koma osanena. Magolovesi tinkapatsidwa ochepa moti ndinazolowera kuvala limodzi, kudzanja lamanja logwira chilonda. Lamanzere, logwira chidendene cha wodwala, linkakhala losavala kanthu. Odwala ena anatopa nafe, n'kumapaka mafuta a mabuleki a galimoto, ena dothi la pachulu, ena phulusa la fodya. Ankabweranso chilonda chitakula kawiri, atabisa nkhope. Sindinakalipirepo ndi mmodzi yemwe. Sisita ndiye ankakalipa, ine n'kumatsuka.

M'chaka chachisanu ndi chitatu Sisita anapuma ntchito nabwerera kwawo. M'malo mwake munabwera a Chileshe, mkulu wa zachipatala amene aliyense ankamutcha ba dokota. Anali M'bemba wamtali, wa mawu aakulu, wodziwa ntchito ndithu, ndipo izi ndikunena mosabisa chifukwa sindikufuna kuti muwaone ngati munthu woipa. Ankasoka bala mwaluso kuposa aliyense amene ndinamuona. Atangomva kuti ndine Zulu, Mngoni wa kummawa, anaomba m'manja nati, “Aa, nampeza kapolo wanga!” Mukudziwa chimbuya cha Angoni ndi Abemba, kuti timanyozana mwanthabwala popanda wokwiya, ngakhale pamaliro. M'mawa uliwonse ankalowa akufuula kuti, “Shani, wakudya mbewa? Lelo wagwira zingati?” Mwambo unkandilola kuwabwezera kuti iwo amadya anyani, ndipo ngakhale mlonda wa pageti ankawabwezera. Ine ndinkangomwetulira n'kuti, “Ndili bwino, bwana.” Pakamwa panga sipankatha kunyoza munthu wovala jasi lalitali kuposa langa.

A Chileshe ndiwo anayambitsa zoti ophunzira zachipatala ochokera ku Lusaka azibwera kudzaona odwala athu. Ankati zilonda za m'miyendo za ku Kafue ndi buku lokwanira palokha. Ophunzirawo ankabwera anayi kapena asanu, atanyamula timabuku, nsapato zili mbee. Tsiku la ophunzira a Chileshe ankavala tayi, ankalankhula Chingerezi chokhachokha, ndipo sankafuna kudulidwa mawu. Ntchito yanga inali kusankha odwala oti aonetsedwe, kuwatsuka ophunzira asanalowe, ndi kumanga pamene ndauzidwa. Kunena zoona ndinkanyadira. Pamene a Chileshe ankati, “Taonani mmene Zulu amamangira, phunzirani,” mtima wanga unkakhala m'malo sabata yonse.

Chaka chachisanu ndi chinayi, Lachisanu lina la mwezi wa Okutobala

A Sakala anali munthu wa kwathu kummawa, wa ku Katete, wamkulu kwa ine ndi zaka pafupifupi makumi awiri. Ankasoka matumba pamakina mufakitale ina, ataimirira, kuyambira ine ndisanafike ku Kafue. Anali wosuta fodya kwambiri, wanthabwala, ndipo ankanditcha mwana wakwathu. Miyendo yawo yonse iwiri inali ndi mitsempha yotupa yooneka ndi patali, ndipo mwendo wamanzere unali ndi chilonda pafupi ndi kakolo. Ndine ndinawasankha kuti adzaonetsedwe, chifukwa mitsempha yawo inali ngati yojambula m'buku. Ndinkafuna kuti a Chileshe akondwere ndi kusankha kwanga.

M'mawa umenewo kunatentha molawirira, malata akuchita kulira. Ndinawakhazika pabenchi, ndinavala golovesi langa limodzi, ndi dzanja linalo ndinanyamula chidendene chawo kuti ndichiike pabeseni. Chidendenecho chinali chozizira ngati mwala wa m'mtsinje. Ndinaganiza kuti mwina ndi madzi, koma madziwo anali ofunda. Ndinagwira phazi linalo, linali lofundirako. Ndinaika zala pamwamba pa phazi lodwalalo, ndinafufuza kuseri kwa kakolo, osamva kanthu. Chilondanso, nditachiyang'anitsitsa, chinali chozama m'mbali imodzi, chotuwa pansi pake, chosatuluka madzi ambiri.

“Atate,” ndinawafunsa, “mukakweza mwendowu, ululu umatani?”

“Kukweza? Mwana wakwathu, usandiyambe. Ndikaukweza umaluma ngati muli galu mkatimo. Masiku ano ndimagona mwendo uli pansi, thupi pabedi. Amayi ako akuti ndikukonzekera kuthawa.”

Anaseka, ine osaseka. Ndinaimirira kuti ndikauze a Chileshe kuofesi, koma nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, iwo n'kulowa ndi ophunzira anayi pambuyo, tayi ili pakhosi, Chingerezi chitayamba kale pakhonde. Anaimiritsa a Sakala, anawapindira buluku mpaka pantchafu, naonetsa ophunzirawo mitsempha umodziumodzi. Anafotokoza za tizitseko tija, za khungu lakuda, za malo amene chilonda chotere chimakonda. Zonse zimene ananena zinali zoona. Ophunzira ankalemba mofulumira. Mtsikana mmodzi anafunsa kuti bambowa akhala zaka zingati pantchito yoimirira, ndipo a Chileshe anamuyamikira kuti ndi funso labwino. Phazi analikhudza pang'ono atavala magolovesi, nati kutupa kumabisa kugunda kwa magazi, napitirira. Za kukweza mwendo palibe anafunsa. A Sakala Chingerezi sankachimva bwino, koma anaponyapo yawo: “Ba dokota, mwanionetsa kwa bana aba monga ng'ombe ya pamsika. Olo inu a Bemba ng'ombe simuidziwa, mudziwa chabe anyani.” Onse anaseka, a Chileshe kuposa onse.

Kenaka anatembenukira kwa ine. “Zulu, manga. Molimba. Aonetse.” Anatulutsa m'thumba bandeji yatsopano, yamphamvu, imene anasungira tsiku limeneli.

Ana anga, pamenepa ndi pamene pali nkhani yonse. Mawu anali okonzeka pakamwa panga, mawu anayi okha: bwana, phazili ndi lozizira. Ndinayang'ana ophunzira aja, maso asanu ndi atatu ali pa ine, zolembera zili m'mwamba. Ndinaganiza kuti ndikalankhula, ndiye kuti munthu wokolopa wa ku Chadiza wauza mphunzitsi pamaso pa ana ake kuti sadziwa ntchito. Ndinaganiza kuti mwina ndalakwa ndine, poti iwo anaphunzira ndipo akhudza phazilo. Ndinaganiza kuti ndidzawauza ophunzira akapita. Ndinatenga bandejiyo. Ndinayamba kuzala, kuzungulira chidendene, kukwera pang'onopang'ono, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake. Sindinamangepo bwino chotero moyo wanga wonse. Ophunzira anawerama kuti aone, wina anajambula m'buku lake.

“Izakubabani, ba Sakala,” anatero a Chileshe. “Limbani. Osamasula mpaka Mande, bana aba azabweranso kuona. Mukamasula nizalembera kapitao wanu kuti mukana mankhwala.”

Ophunzira atatuluka, a Chileshe anakwera nawo galimoto yomweyo kupita ku Lusaka, kumene kunali banja lawo. Ndinaima pakhonde ndi beseni m'manja mpaka fumbi linatha. A Sakala anadutsa pafupi nane akutsimphina, nsapato imodzi ili m'manja, nati, “Wamanga ngati katundu wopita ku Joni, mwana wakwathu.”

Loweruka ndi Lamulungu

Loweruka masana ndinaika sizasi m'thumba la jekete n'kupita ku Estates, kumene a Sakala ankakhala m'nyumba ya kampani. Ndinapeza akazi awo akutsuka mbale panja. Ndisanapereke moni ndinamva kubuula m'nyumba, kwa munthu amene akuyesetsa kuti asamveke. Mayiwo anandiyalira mpasa nati, “Mwachita bwino kubwera, a Zulu. Bambo anu sanagone. Ndimati ndimasule, akukana, akuti adokotala alembera kapitao. Kodi kupweteka chotere ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito?” Dzanja langa linali m'thumba, litagwira sizasi. Ndinaganiza za Lolemba, ophunzira atabwera n'kupeza bandeji yamasulidwa, a Chileshe akufunsa kuti wamasula ndani. Ndinati, “Apatseni mapilitsi oletsa ululu awiriawiri, amayi. Ndibweranso mawa.” M'nyumba sindinalowe. Anandipatsa mango anayi kuti ndikapatse ana, ndipo ndinalandira ndi manja awiri. Dalitso, unadya mango amenewo uli ndi zaka zitatu.

Lamulungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Amayi anu anandifunsa kuti ndikudwala kapena, poti nshima ya dzulo lake ndinangoitsina. Titatuluka sindinapite kunyumba. Ndinapeza m'nyumba ya a Sakala mwadzaza achinyamata a kutchalitchi kwa mwana wawo wamkazi, akupemphera mofuula, ena atasanjika manja pabandeji pomwepo. A Sakala anali pansi atatsamira bedi, nkhope ili thukuta lokhalokha, milomo itauma. Zala zotulukira kunja kwa bandeji zinali zitasintha mtundu, ziwiri zili bii. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinagwada, ndinachotsa manja a anawo, n'kudula bandejiyo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mnyamata wina anati, “Ba ankolo, mwadula pemphero.” A Sakala anati, “Musiyeni, uyu ndiye wabwera ndi yankho lanu.” Mwendo unali ndi mizere yozama ya bandeji, ndipo kuchokera pakakolo kutsika unali wotuwa, wa mawangamawanga. Ndinautsina, sanamve.

Galimoto ya kiliniki inalibe mafuta. Woyandikana nawo nyumba, woyendetsa lole yonyamula nsomba, ndiye anatitenga. Njira yonse ya ku Lusaka ndinakhala kumbuyo, mwendo wa a Sakala nditaufunditsa jekete langa, ngati kuti jekete lingabweze zimene zinachitika. Dokotala wa kuchipatala chachikulu anauyang'ana, anaugwira malo awiri omwe aja, nafunsa kuti anamanga ndani. Ndinati ndine. Anafunsa ngati ndinayamba ndamva kugunda kwa magazi. Ndinati ndinayesa, sindinakumve. Anandiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira chinthu chimene sakuchimvetsa. Kenaka anati mitsempha yotsitsa magazi inali itatsekeka kale ndi fodya, mwina mwendowo ukanapitabe chaka chamawa, mwinanso ayi, iye sangadziwe. Patapita masiku atatu anaudula pansi pa bondo.

Lolemba ndi masiku otsatira

Lolemba m'mawa a Chileshe anauza ophunzira kuti wodwala uja watumizidwa ku Lusaka, nawaonetsa wina. Ophunzirawo atapita anandiitanira muofesi natseka chitseko. Ndinawafotokozera zonse. Anavula tayi, naiika patebulo.

“Zulu, lija phazi unaligwira na kwanja yosavala?”

“Inde, bwana.”

“Linali bwanji?”

“Lozizira.”

Anayang'ana khoma. Kenaka anati, motsitsa mawu, “Manje sunakambe chifukwa chani? Iwe ndiwe mbuya wanga. Mu kiliniki muno ni iwe weka ungathe kunitukana pamaso pa aliyense, ine n'kuseka. Sembe unakamba chabe ati, iwe M'bemba, unazolowera kugwira anyani, gwira bwino phazi la munthu. Bana baja sembe anaseka, ine sembe nagwiranso. Chaka chonse nakhala nikukuseka kuti unibwezeko olo kamodzi.”

Ndinati, “Pepani, bwana,” ndipo ndinaona kuti mawu amenewa awapweteka kuposa chipongwe. Pakhadi la a Sakala analemba ndi dzanja lawo kuti iwo ndiwo analamula kumanga. Dzina langa silinalembedwe paliponse, ndipo palibe anandiitana kudzandifunsa. Kuyambira tsiku limenelo sananditchenso kapolo kapena wakudya mbewa. Ankangoti, “Mwauka bwanji, ba Zulu,” monga kwa mlendo. Tinagwira ntchito limodzi zaka zina zisanu mwaulemu woterowo, mpaka anasamutsidwa. Ophunzira anapitiriza kubwera, ndipo a Chileshe ankawagwiritsa phazi lililonse ndi manja osavala, mmodzimmodzi, osawauza chifukwa chake.

A Sakala ntchito inatha, poti makina osokera matumba amafuna munthu woimirira. Nyumba ya kampani anatulukamo mvula isanathe. Ndinamva kuti anapita ku Chanyanya, kwa mlamu wawo wopha nsomba. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkadziwa kumene ali, ndipo njinga ndinali nayo.

Chaka chakhumi ndi chisanu, nyengo yozizira

Ndinapita Loweruka lina m'mawa. Ndinawapeza pansi pa mtengo pafupi ndi doko, akusoka ukonde, ndodo zoyendera zitatsamira bwato lovundikira. Anali ataonda, tsitsi lili mbuu. Fodya anali pakamwa. Anandizindikira ndili patali.

“Mwana wakwathu! Wasochera? Kuno kulibe zilonda, kuli minga ya nsomba chabe.”

Ndinakhala pansi, tinalonjerana, ndinafunsa za amayi ndi ana. Kenaka ndinanena zimene ndinabwerera. Ndinawauza kuti tsiku lija ndinadziwa ndisanamange. Ndinawauza za Loweruka, kuti ndinafika pakhomo pawo ndi sizasi m'thumba n'kubwerera nayo. Iwo sanasiye kusoka.

“Za Lachisanu ndinadziwa,” anatero. “Dzanja lako linaima pachidendene, n'kupita kuphazi linalo, n'kubwerera. Ndinati mwanayu waona kanthu, anena. Utayamba kumanga ndinati basi, ndiye kuti palibe. Ndinadalira iwe, osati M'bemba uja. Koma za Loweruka sindinadziwe. Ndinamva mawu ako panja, ndinati wafulumira ntchito ina.” Anamanga mfundo, naidula ndi mano. “Izo ukanasunga, Zulu. Wandipatsa katundu amene ndinalibe.”

“Ndimati ndipepese, atate.”

“Ukapepese kwa mwendowo. Uli ku Lusaka, sindidziwa kumene anauika. Ine ndinalipo pamene mwendowo unkabadwa, koma pamaliro ake sanandiitane.”

Sanaseke, ndipo ine sindinadziwe koyang'ana. Amayi ogula nsomba ankakangana ndi asodzi kumadzi, mphepo ikuwomba kuchokera kudambo. Patapita nthawi anavula patapata wa kuphazi lotsala nalitambasulira kwa ine. Pachala chachikulu panali kachilonda kakang'ono, kozama, kouma. “Poti wabwera, gwira ntchito yako,” anatero. Ndinaligwira ndi manja onse awiri. Ndinafufuza pamwamba, ndinafufuza kuseri kwa kakolo, ndinabwerezanso.

“Atate, phazili ndi lozizira. Magazi sakufika. Muyenera kupita ku Lusaka sabata lomwe lino, ndipo fodyayu mumusiye lero.”

“Waona,” anatero, “sizitenga nthawi kunena.” Anavalanso patapata uja. “Ku Lusaka sindipita. Amandilandira wathunthu n'kundibweza wopereweza. Mwendo uwu ndipita nawo ndekha.”

Ndinawachonderera mpaka dzuwa linafika pamutu. Ndinalankhula tsiku limenelo kuposa mmene ndinalankhulira zaka zonse za pakiliniki. Ndinapita kwa akazi awo, anandimvetsera ataima, osandiyalira mpasa, nati bambo akakana akana. Kuyambira pamenepo ndinkapalasa njinga Loweruka lililonse kukatsuka chalacho ndi madzi amchere, popanda kumanga kanthu. Ankandilola, ndipo masiku ena ankandiuza nkhani za ku Katete. Za kukhululuka sitinakambenso, iwo sanatchule, ine sindinafunse. Chala chinada, kenaka china, kenaka fungo linayamba, ndipo tsiku lililonse ndinkawauza zoona za mmene phazilo lilili, poti ndicho chokha ndinali nacho chowapatsa.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Posambitsa thupi, mlamu wawo anandiitana kuti ndithandize, chifukwa ena ankaopa mwendowo. Ndinautsuka bwinobwino mpaka kuzala, n'kuukulunga munsalu yoyera, momasuka. Anawaika nawo m'manda, monga anafunira.